Dzuwa la Kumapiri ndi Mbiri ya Mafuta Oteteza Khungu



Pa msonkhano wina wa kalabu yathu, titangotha kumvera pulogalamu ya zaumoyo, agogo ena anakweza dzanja. Iwo anati: "Ana inu, tandiuzani. Mdzukulu wanga uja wachialubino, akuchipatala akuti ndizimudzoza mafuta a dzuwa. Dzuwa lake liti kuno? Dzuwa lili ku Tete, kumene munthu amatuluka thukuta ali chikhalire. Kuno mwezi wa Juni timagona ndi moto m'nyumba." Anthu anaseka, ndipo bambo wina anathira ndemanga kuti mafuta amenewo ndi a azungu ogona pamchenga ku Vilankulo, osati a ife alimi a kachewere.

Tinabalalika tsiku limenelo popanda woyankha mogwira mtima. Koma funso la agogowo ndi lalikulu, chifukwa moyo wa mwana uli pomwepo. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Iwo anafunsa, ndiye tiyeni tiwayankhe potsata mbiri ya mafuta amenewa: kumene anachokera, chimene anawapangira, ndi chifukwa chake anachedwa kufika kwa anthu amene amawafuna kwambiri.

Makolo ankalidziwa dzuwa

Kudziteteza ku dzuwa sikunayambe ndi botolo la m'sitolo ayi. M'dziko lathu lomwe lino la Mozambique, amayi a Chimakua a ku Nampula ndi Cabo Delgado akhala akupaka kumaso mussiro kuyambira kalekale. Amapera mtengo wake pamwala, n'kuthirapo timadzi, ndipo phalaphala loyeralo likauma limaphimba nkhope. Amatero pofuna kukongola ndi kusalalitsa khungu, komanso limawatchinjiriza ku dzuwa la m'mbali mwa nyanja. Ku Madagascar amayi ali ndi wawo wotchedwa masonjoany, ku Myanmar ali ndi thanaka, pamene a mtundu wa Himba ku Namibia amadzola dothi lofiira losakaniza ndi mafuta a mkaka wa ng'ombe.

Kwathu kuno makolo ankadzola mafuta a nsatsi kuti khungu lisatuwe. Koma nzeru yawo yaikulu inali pa nthawi yogwirira ntchito. Ankalawirira kumunda mame asanakamuke, dzuwa likafika paliwombo n'kuweruka kukakhala pamthunzi, n'kubwereranso chakumadzulo. Chipewa cha mlaza ndi khonde la nyumba zinali mbali ya nzeru yomweyo. Chimene makolowo sakanatha kuona ndi maso ndi chinthu chenicheni cha m'dzuwa chimene chimawaula khungu.

Chowaula khungu si kutentha

M'chaka cha 1801, katswiri wina wa ku Germany, Johann Wilhelm Ritter, anagawa kuwala kwa dzuwa ndi galasi mpaka kunaoneka mitundu yonse ya utawaleza. Kenaka anaikapo pepala lopaka mankhwala amene amada akaombedwa ndi kuwala. Chodabwitsa n'chakuti pepalalo linada kwambiri kuseri kwa mtundu womalizira, pamene maso saonapo kanthu. Apa m'pamene anthu anadziwira kuti m'dzuwa muli cheza china chosaoneka. Cheza chimenechi ndi chomwe lero chimatchedwa ultraviolet, mwachidule UV.

Mu 1820 dokotala wina wa ku London, Everard Home, anayesa zinthu ndi manja ake omwe. Anaika manja onse awiri padzuwa, lina lili pamtunda, lina ataliphimba ndi nsalu yakuda. Dzanja lophimbidwalo ndi limene linatenthedwa kwambiri, koma silinapse. Limene linali pamtunda, ngakhale linkamva kuzizirirapo, ndi lomwe linafiira n'kuwauka. Mu 1889 Erik Widmark wa ku Sweden anatsimikiza kuti chowaula khungu ndi cheza cha UV chija. Mu 1894 Paul Unna, dokotala wa matenda a pakhungu ku Hamburg, analemba za khungu la amalinyero amene ankakhala padzuwa zaka zambiri, n'kusonyeza kuti kuwonongeka kwa khungu lawolo kunkathera ku khansa.

Agogo, yankho lanu loyamba ndi limeneli. Thupi limamva kutentha, koma cheza cha UV silichimva. Mphepo yozizira ya ku Domué imatinamiza kuti dzuwa lafooka, pamene chezacho chikugwirabe ntchito yake. Chinanso, munthu akamakwera kumtunda, mpweya umene umasefa chezacho umachepa. Akatswiri amati pa mamita 1,000 aliwonse, mphamvu ya UV imakwera ndi pafupifupi magawo 10 pa 100. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 200 kuchokera pa nyanja yamchere. Ulongué ali pamwamba pa mamita 1,200, ndipo phiri la Domué limapitirira mamita 2,000. Ndiye kuti ku Tete kumatentha inde, koma tsiku lopanda mitambo cheza chowaulacho chimakula kuno kwathu. Ngakhale kukhale timitambo topyapyala, chochuluka chimadutsabe. Chimafika pachimake kuyambira Okutobala mpaka Malichi, nthawi yomweyo imene tonse timakhala m'munda kuunga mizere, kubzala ndi kupalira. M'miyezi yachisanu chimachepako, koma sichitha.

Mnyamata amene anapsa paphiri lozizira

Mafuta ogulitsa m'mabotolo anayamba kufala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1930. Mu 1935 Eugène Schueller, mwini kampani ya L'Oréal ku France, anatulutsa mafuta otchedwa Ambre Solaire. Chaka chotsatira, mu 1936, boma la France linalamula kuti anthu apantchito azipatsidwa tchuthi cholipidwa, ndipo chikhamu cha anthu chinayamba kupita kunyanja kukaothera dzuwa. Mafutawo anayenda malonda kwambiri. Choncho bambo aja ananena kuti ndi mafuta a ogona pamchenga sananame kwenikweni: malonda ake anakulira kumeneko, ndipo mbiri imeneyi inawakanirira kwa zaka zambiri.

Koma tamvani za mnyamata wina, Franz Greiter, amene ankaphunzira za kasakanizidwe ka mankhwala. Mu 1938 iye anakwera phiri la Piz Buin, m'malire a Switzerland ndi Austria. Phirili ndi lalitali mamita oposa 3,300, ndipo pamwamba pake pamakhala madzi oundana. Kumalo kozizira chonchi, mnyamatayo anatsikako khungu litapsa koopsa. Zinamuwawa mpaka anayamba kufufuza mankhwala ake, ndipo mu 1946 anayamba kugulitsa mafuta amene pambuyo pake anatenga dzina la phiri lomwelo. Mukuona? Ena mwa mafuta oyamba enieniwo anabadwira kumapiri ozizira ngati kwathu kuno.

Nawo asilikali a America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankapsa ndi dzuwa pa zilumba za m'nyanja ya Pacific. Ankawapatsa mafuta ofiira, onata ngati girizi, oti azipaka. Mu 1944 Benjamin Green, wodziwa za mankhwala amene anali m'gulu la asilikali a ndege, anawakonza mafutawo kuti azidzoleka bwino, ndipo ndiwo anadzakhala Coppertone.

Mafuta oyambawo anali ofooka tikayerekeza ndi a masiku ano. M'zaka za m'ma 1970 m'pamene panakhazikika nambala yosonyeza mphamvu yake. Pa mabotolo olembedwa m'Chingerezi mudzaona SPF, pa a Chipwitikizi mudzaona FPS, koma n'chimodzimodzi. Mafuta a nambala 30 akadzoledwa mokwanira amatchinga pafupifupi magawo 97 pa 100 a cheza chowaula, a nambala 50 amatchinga pafupifupi 98. M'katimo muli mankhwala amene amamwa chezacho chisanalowe m'khungu. Ena ndi ufa woyera wa zinc oxide kapena titanium dioxide, n'chifukwa chake mafuta ena amasiya kutuwa pankhope.

Ife a wailesi tisaiwalenso za ku Australia. Kumeneko khansa ya pakhungu inali itachuluka kwambiri pakati pa azungu, ndipo mu 1981 bungwe lolimbana ndi khansa linayamba kuulutsa uthenga wa mfundo zitatu: vala malaya, dzola mafuta, vala chipewa. Ana anaugwira uthengawo pamtima, masukulu ambiri n'kuika lamulo loti mwana wopanda chipewa asasewere padzuwa. Onani kuti pa mfundo zitatuzo, ziwiri ndi za zovala.

Kwa ena ndi nkhani ya moyo

Ambiri a ife tili ndi chotitchinjiriza chobadwa nacho. M'khungu lakuda muli chinthu chotchedwa melanini, chimene chimapereka mtundu ku khungu, tsitsi ndi maso, komanso chimamwa cheza cha UV. Mwana wachialubino amabadwa ndi melanini wochepa kwambiri, mwinanso wopanda n'komwe. Si tsoka, si ufiti, si kuti mayi anayenda ndi mzungu, ndipo sizipatsirana. Zimachokera kumtundu, mbali zonse ziwiri. Bambo ndi mayi onse akakhala kuti ali nako kambewu kameneka m'thupi mwawo, ngakhale iwo ali akuda bii, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wachialubino. Choncho bambo wothawa banja chifukwa cha mwana wotere akuthawa magazi ake omwe.

Mu 1985 madokotala a ku Dar es Salaam anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu achialubino 350. Anaona kuti khungu la aliyense linali litayamba kale kuwonongeka ndi dzuwa m'chaka choyamba cha moyo. Pofika zaka 20, onse anali ndi zizindikiro zoti khansa ili m'njira, ndipo amene khansayo inawagwira osalandira thandizo ankamwalira asanafike zaka 40. Izi zinkachitika patatha zaka pafupifupi 50 mafuta oteteza khungu ali m'masitolo a ku Ulaya.

Chitsanzo chili pafupi, kutsidya kwa malire ku Dedza. Woimba Lazarus Chigwandali, amene chimbale chake ndi kanema wa moyo wake zinatuluka mu 2019, anabadwira m'boma limenelo. Iye amafotokoza poyera kuti mng'ono wake, amene ankaimba naye ndipo nayenso anali wachialubino, anamwalira ndi khansa ya pakhungu. Ndi mabanja angati kuno ku Angónia amene anaika m'manda mnyamata kapena mtsikana wotere n'kumati chilonda chake chinali cholodzedwa?

Ulendo wa mafutawo kubwera kwathu

N'chifukwa chiyani mafutawo anachedwa chonchi? Choyamba, makampani sankaona msika kuno, poti anthu ambiri ndi akuda. Chachiwiri, mafutawo ankawerengedwa m'gulu la zodzikongoletsera, pamodzi ndi mafuta onunkhira, osati m'gulu la mankhwala. Chotero sankapezeka m'zipatala za kumudzi, koma m'mafamasi a m'mizinda ikuluikulu, pa mtengo woti mlimi wamba sangaukwanitse. Kwa zaka zambiri, botolo likafika pamudzi linkabwera ndi ansembe, masisitere kapena alendo akufuna kwabwino, ndipo likatha kunalibe kotenga lina.

Zinthu zinayamba kusintha ku Tanzania. Ku Moshi, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, kuli sukulu yophunzitsa za matenda a pakhungu pa chipatala cha KCMC. Cha m'ma 2012, mayi wina wa ku Spain wodziwa za mankhwala, Mafalda Soto, pamodzi ndi madokotala a kumeneko, anayamba kupanga mafuta otchedwa Kilisun pomwepo ku Moshi. Anawapanga poganizira khungu la anthu achialubino ndi dzuwa la kuno, ndipo ankawagawa kwaulere. Pambuyo pake mabungwe a Standing Voice ndi Beyond Suncare anafikitsa ntchito ya mtunduwu ku Malawi, kumene madokotala oyendayenda amapima khungu, kuwotcha ndi mankhwala ozizira kwambiri timabala tisanasanduke khansa, ndi kugawa mafuta ndi zipewa.

Zaka za 2014 mpaka 2016 tonse tikuzikumbuka ndi chisoni. Anthu achialubino ankabedwa ndi kuphedwa ku Malawi ndi kuno ku Mozambique, chigawo chathu cha Tete chili momwemo, chifukwa cha bodza lamkunkhuniza loti ziwalo zawo zimalemeretsa. Nkhanza zimenezi zinadzidzimutsa maiko. Mu Disembala 2014 bungwe la United Nations linasankha tsiku la 13 Juni kukhala lokumbukira anthu achialubino, ndipo linakumbukiridwa koyamba mu 2015. Kumapeto kwa 2015 boma la Mozambique linavomereza ndondomeko yowateteza. Mu 2016 Ikponwosa Ero, nthumwi ya United Nations pa nkhaniyi, yemwenso ndi wachialubino, anayendera Malawi ndi Mozambique. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena za chigawo cha Tete chenichenichi, lofotokoza momwe ana achialubino amasalidwira ndi kuvutikira kusukulu. M'chigawo chomwechi munabadwanso bungwe la Azemap, lothandiza anthu amenewa.

Pamene maso a dziko anatembenukira kwa abale athuwa, zinaoneka poyera kuti mdani amene amatenga miyoyo yambiri kuposa zigawenga ndi khansa ya pakhungu. Kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000, chiwerengero choposa kutalitali chimene anthu ankaganiza. Mu 2021 Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota, woyamba wachialubino m'nyumba ya malamulo ya Malawi. Ndipo mu Seputembala 2025, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, WHO, kapena kuti OMS monga timanenera kuno, linaika mafuta oteteza khungu ku dzuwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Mmodzi mwa amene analimbikira nkhondo imeneyi ndi Muluka-Anne Miti-Drummond wa ku Zambia, amene analowa m'malo mwa mayi Ero mu 2021. Kuchokera pa botolo la Schueller la 1935 kufika pamenepa panadutsa zaka 90.

Tisanamizane: kulembedwa pa mndandanda wa ku Geneva sikutanthauza kuti mawa botolo lipezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse. Dziko lililonse limakonza mndandanda wake ndi kugula lokha. Koma tsopano kholo likapita kukafunsa mafutawa, lisachite manyazi ngati likupempha zodzoladzola. Likufunsa mankhwala.

Nanga ife tichitepo chiyani?

Choyamba ndi mthunzi ndi zovala, chifukwa izi sizidikira galimoto yochokera ku Maputo. Mwana wachialubino avale chipewa cha khonde lalikulu lophimba makutu ndi khosi. Kapusi ya mlomo kutsogolo kokha siikwanira. Avale malaya a manja aatali ndi buluku kapena siketi yaitali, za nsalu yothithikana. Kuti mudziwe, kwezani nsaluyo kudzuwa: ngati mukuona kuwala kukudutsa, chezanso chidutsa. Khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa n'komwe. Mayi akaliberekera kumbuyo, mutu ndi timiyendo ziphimbidwe ndi chitenje, kapena afunde ambulera.

Chachiwiri ndi nthawi. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo ndi pamene cheza chimakula. Wopanda wotchi ayang'ane chithunzithunzi chake pansi: chikafupika kuposa msinkhu wake, alowe pamthunzi. Pogawa ntchito pakhomo, kuweta ng'ombe tsiku lonse kapena kuthirira kudimba masana tisamupatse mwana ameneyu. Ntchito za pakhonde ndi za m'nyumba zilipo zambiri, ndipo sukulu ndi imene ingadzamupezetse ntchito ya pamthunzi. Aphunzitsi amulole kuvala chipewa ndi malaya aatali, ndipo akhale kutsogolo poti maso ake saona patali.

Chachitatu ndiwo mafutawo. Funani a nambala 50, akasowa asachepere 30, ndipo pabotolo palembedwe kuti amateteza ku UVA ndi UVB yomwe. Onani tsiku lothera mphamvu, pamene palembedwa kuti validade. Dzozani pakhungu loyera ndi louma, mphindi 20 mwana asanatuluke panja. Musaumire: nkhope ndi khosi zimafuna sipuni yaing'ono yodzadza. Musaiwale makutu, kumbuyo kwa khosi, milomo, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi. Akakhalitsa panja adzolenso pakatha maola awiri, komanso akatuluka thukuta kapena akasamba. Botolo lisungidwe pozizira, osati pawindo. Ndipo a pabanja, chonde, mafutawa si odzola banja lonse popita kutchalitchi. Vaseline, mafuta ophikira ndi a nsatsi amafewetsa khungu, koma satchinga cheza.

Chachinayi, kachilonda kamene katha milungu ingapo osapola, kachiphuphu kolimba kamene kakukula, kapena malo okhakhala otuluka magazi, makamaka pankhope, pakhutu, pamlomo ndi pakhosi, thamangani nako kuchipatala. Khansa ya pakhungu ikapezeka msanga imachotsedwa n'kuchira. Kutaya miyezi mukupaka zitsamba ndi kumene kumapha.

Enafe a khungu lakuda tisadzitame kwambiri. Melanini amatiteteza ndithu, koma cheza chomwecho chimathandiza kubweretsa ng'ala m'maso, ndiye chipewa n'chabwino kwa mlimi aliyense. Alongo athu odzola mafuta oyeretsa khungu adziwenso kuti akuchotsa dala chotchinga chimene anzawo akuchisowa.

Agogo aja tinawayendera kwawo ndi yankho limeneli. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anati: "Ndiye kuti dzuwa la kuno limaluma mwakachetechete ngati galu wosauwa." Mdzukulu wawo tsopano amapita kusukulu ndi chipewa cha khonde chimene mayi wina wa m'kalabu yathu anasoka ndi chitenje chopindidwa kawiri.

Pa msonkhano wanu wotsatira, takambiranani izi. M'midzi ya kalabu yanu muli ana achialubino angati, ndipo ali ndi zipewa? Ndani angapite kuchipatala chapafupi kukafunsa ngati mafutawa amafika, ndi tsiku limene amagawidwa? Kodi mfumu ndi aphunzitsi a kwanuko anamvapo nkhaniyi? Mayankho anu muwatumize kuwailesi kudzera kwa mlembi wa kalabu, kuti tidzawawerenge pa pulogalamu ya zaumoyo, ndipo akuluakulu a zaumoyo m'boma lathu adzamve okha kumene mafutawa sakufika. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.